Dimba la Amayi ndi Makina a ku Migodi

Chinali chaka cha 1969, ine ndili ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Dziko linali litangoyamba kudzilamulira, tauni yathu itangovula dzina la atsamunda n'kuvala la Chipata, ngakhale okalamba ankalakwitsabe. Ndinali ndi mkazi, ana anayi, njinga, ndi dimba. Za dimbalo ndiye ndikulemba.

Linali kumunsi kwa mudzi wathu, ukapatuka pa msewu wa ku Mwami. Analitsegula ndi makolo a amayi anga. Pakati pake panali kasupe wosaphwa, moti chaka cha chilala anthu a midzi ina ankabwera ndi zidebe kudzapempha madzi. Munali nthochi, nzimbe, ndi malalanje amene amayi anatenga mbande zake ku mishoni. M'chilimwe ndinkadzalamo mpiru ndi matimati, n'kumapita nazo kumsika wa m'tauni pa njinga. Amayi atamwalira dimbalo linagwera ine, monga mwa mwambo wathu, pakuti munda wa mbumba umatsata akazi. Amalume, mlongo wawo wa amayi, anakulira m'dimba lomwelo, koma mwana wawo analibe gawo. Kwawo kwa iyeyo kunali kwa amake.

Mwana wa amalumeyo ndiye msuweni wanga. Anali wamng'ono kwa ine, koma sukulu anafika Fomu 2 pamene ine ndinalekezera Sitandade 4. Kwathu msuweni ndi munthu amene sumukwiyira. Akhoza kukunyoza pamaso pa apongozi ako, kukugwirira nkhuku, kuuza anthu kuti mkazi wako ndi wake, ndipo iwe uyenera kuseka n'kubweza. Za chisuweni sizipita pabwalo. Ife tinasewera choncho kuyambira ubwana. Iye ankanditcha mwini chithaphwi, ine ndinkamutcha kalaliki wopanda ofesi. Akabwera ku dimba ankathyola nzimbe osapempha, akuti akudya za atate ake. Ndinkaseka. Sindinkadziwa kuti ankanena zochokera pansi pa mtima.

Chaka chimenecho kunabwera kampani yofufuza miyala ya pansi pa nthaka. Anamanga matenti m'tsinde mwa phiri n'kuyamba kulemba anthu a m'midzi. Tonse awiri anatilemba. Ntchito yake inali yotere. Ena ankadula mizere yowongoka m'tchire, osapatukira munda kapena chulu, n'kumakhoma zikhomo zamtengo motalikirana mofanana. Pambuyo pawo pankabwera wowerenga, atakoleka pachifuwa kabokosi kokhala ndi galasi ndi muvi ngati wa wotchi. Ukaima pa chikhomo unkaweramira pagalasipo, muvi n'kuloza nambala, iwe n'kuitchula mokweza, mnzako n'kulemba. Kabokosiko kankamva chitsulo cha pansi pa nthaka. Tsono kankamvanso chitsulo china chilichonse, motero wowerenga sankaloledwa kukhala ndi mpeni, kiyi, lamba wa chitsulo, ngakhale nsapato za misomali. M'mawa uliwonse mzungu wa miyala, munthu wamtali wosachedwa kufiira ndi dzuwa, ankatiimika pamzere n'kumayendetsa kabokosiko m'mbali mwathu. Ine buluku ndinkamanga ndi luzi, kuphazi kopanda kanthu. Anandisankha kukhala wowerenga chifukwa sindinkanjenjemera. Msuweni wanga anali wondilembera chifukwa cha Fomu 2 yakeyo.

Mzunguyo sankaweruza yekha manambalawo. Loweruka ankapita nawo m'tauni, m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ina kamene kampani inkachita lendi. Ndinalowamo kangapo nditamunyamulira katundu. Munali mayi wina wotaipa pa makina aphokoso, ndipo makinawo ankalavula pepala lopyapyala, lalitali ngati lamba, lobooledwa timabowo. Pepalalo ankalilowetsa m'makina ena olumikizidwa ku waya wa lamya, manambala n'kumapita okha mpaka ku Migodi, dera lakutali lokumbako kopa, kumene kunali kompyuta. Palibe wa ife amene anaionapo. Ankati ndi yaikulu kudzaza nyumba, ndipo imagwirira ntchito anthu ambiri, aliyense pa nthawi yake imene anamugawira. Ife a ku Chipata tinali akumapeto. Ikawerengera inkabweza yankho pa waya womwewo, manambala omwazika papepala lalikulu, mzungu n'kuzunguliza ndi pensulo pamene akwera. Anzanga ankaitcha sing'anga wakhungu, woombeza wodwala amene sanamukhudzepo. Mabwana a ku Migodi ankaikhulupirira kuposa munthu aliyense amene anaponda dothi lathu.

Mzungu anatiuza zinthu ziwiri. Choyamba anauza tonse, kuti wowerenga amatchula chimene muvi waloza, osati chimene iye akuganiza. Chachiwiri anauza msuweni wanga yekha m'Chingerezi, ine ndinachimva mochedwa. Anati nambala imodzi ikalumpha yokha, kompyuta imaitaya, imati mwina pagwa msomali. Koma zikhomo zingapo zikalumpha limodzi pa mizere yoyandikana, imati pamenepo pali kanthu.

Mizere inafika ku dimba langa m'mwezi wa Okutobala. Odula anandilemekeza, anangosadza masamba a nthochi osagwetsa tsinde. Nditaima pa chikhomo cha pafupi ndi kasupe, muvi unathamanga mpaka kumene ndinali ndisanauonepo. Ndinadzisanthula m'matumba. Munalibe kanthu. Ndinawerenganso, chimodzimodzi. Chikhomo chotsatira, chimodzimodzi. Mzere wina wodutsa m'nzimbe, chimodzimodzi. Msuweni wanga ankalemba mapewa akugwedezeka ndi phwete.

"Asuweni, mwalemera," anatero. "Zaka zonsezi mwakhala mukuthirira mpiru pamwamba pa mgodi. Mukagula galimoto, mkazi wanga uja muzimukweza kutsogolo."

Ankanena mkazi wanga ine. Ndinamuuza kuti alembe bwino, chifukwa zolemba zake zinkaoneka ngati padutsa nkhuku yoledzera. Tinaseka. Manambala onse ndinawatchula monga analili, pakuti ndi zimene ndinalembedwera.

Yankho litabwera kuchokera ku Migodi, mzungu analikhoma pa thabwa kutsogolo kwa tenti yake. Pepala lonse linali lofanana ngati bwalo losesa, kupatula malo amodzi pamene pensulo yake inazungulira kangapo, bwalo m'kati mwa bwalo. Anandiitana, n'kuika chala pamenepo, n'kundifunsa ngati ndikupadziwa. Ndinati ndikupadziwa. Anali wokondwa. Kuyambira pamene anabwera anali asanapeze kanthu, ndipo mabwana ake anali atayamba kumufunsa zimene ankachita kuno kum'mawa. Anati akumbapo ngalande zingapo kuti aone mwala, ndipo thirakitala yokankha dothi anali ataiitanitsa kale. Ndinamufunsa za nthochi ndi kasupe. Anandigwira paphewa n'kunena kuti kampani idzandiona. Lamulo la miyala ya pansi linali la boma, ine ndinalibe pokanira.

Amene anatulukira zoona anali mkazi wanga. Anazimva ku chigayo, kwa mkazi wa msuweni wangayo, amene pakamwa pake panalibe chitseko. Mayiyo ankadandaula kuti mwamuna wake anatopetsa ng'ombe za amalume pa Lamulungu, aliyense ali kutchalitchi, kunyamula zitsulo zakale kupita nazo ku dimba, ati pofuna kuseka msuweni wake. Mkazi wanga anabwera ufa uli pamutu, osautula, n'kuima pakhomo.

"Abambo ake, tengani khasu mupite ku kasupe," anatero. "Mukakumbe pansi pa chikhomo."

Ndinapita. Pansi pa chikhomo choyamba, pakuya ngati mkono, ndinapeza khasu la pulawo lothyoka. Ndinalidziwa, linali la amalume. Pa chikhomo china ndinapeza chitsulo cha mawilo a ngolo, chimene munthu mmodzi sangachinyamule patali. Pena tcheni cha ng'ombe, pena mphika wachitsulo wobooka, pena chidutswa cha mbaula. Paliponse anakwirira bwino, n'kuyalapo zinyalala za nzimbe kuti dothi latsopano lisaoneke. Ndinaziunjika zonse pansi pa mlalanje. Kuseka munthu kumakwana ndi chikhomo chimodzi. Izi zinali ntchito ya tsiku lathunthu, ya munthu wodziwa zimene kompyuta imataya ndi zimene imasunga.

Ndinatenga khasu la pulawolo n'kukaliponya pakhomo pa tenti ya mzungu. Anabwera nane ku dimba, anaona mulu wa zitsulo, n'kukhala pansi pamzere wa mpiru. Kenaka anatiuza kuti tizichotse tikaziike kutali. Anakoleka kabokosi yekha n'kuyenda zikhomo zonse. Muvi sunasunthe. Anandikhulupirira, zimenezo sindimunamizira. Koma anandiuza kuti mawu ake okha sangaimitse thirakitala. Chimene chinatuluka mu kompyuta chinayenera kufafanizidwa ndi kompyuta yomweyo. Manambala atsopano anayenera kutaipidwa, kupita pa waya, n'kudikira nthawi yathu. Anandifunsa amene anachita zimenezi. Sindinamutchule. Nkhani ya m'banja sinali ya mzungu, ndipo ndinkayembekezera kuti amalume aiweruza.

Sabata imeneyo mvula yoyamba inagwa ndi mphepo, ndipo mitengo inagwera waya wa lamya kwinakwake pa msewu wa ku Lusaka. Mayi wotaipa uja anakonza pepala lake, n'kulikulunga, n'kuliika m'kabati. Tsiku lililonse tikaweruka ndinkapalasa njinga kupita m'tauni kukafunsa ngati waya walumikizidwa. Mayiyo anafika pondidziwa, akandiona pazenera ankangopukusa mutu. Waya atalumikizidwa, nthawi yathu inali itadutsa, kompyuta ili pa ntchito za migodi ikuluikulu. Mzungu anaimbira mabwana ake. Ine ndinali panja, Chingerezi sindinkachimva bwino, koma mawu a munthu wopempha mwamantha ndimawadziwa m'chilankhulo chilichonse. Pambuyo pake ndinamva kuti sanafune kunena poyera kuti antchito ake anasewera ndi mizere iye osaona. Anati akukayika pang'ono. Iwo anati thirakitala yanyamuka kale, ikumbe, akaona ngati kukayikako kuli koona.

Inafika Lachiwiri. Woyendetsa anali munthu wa chilankhulo china, sitinamvane, ndipo analibe mlandu. Anayamba kumtunda, n'kutsika molunjika monga mzere unkapitira. Nthochi zinagwa ngati udzu. Malalanje anawazula ndi mizu yomwe, ali ndi zipatso zazing'ono. Ana anga ankatola nzimbe zothyoka kumbuyo kwake mpaka amawo anawabweza. Ine ndinaima pa chulu, manja kumbuyo. Sindinalire, sindinatukwane. Ngalande yachiwiri inadutsa pa kasupe penipeni. Pansi pa dimbalo panali dongo lolimba lotuwa, limene linkasunga madzi ngati mbale. Thirakitala italiswa, pansi pake panali mchenga ndi miyala yofumbutuka. Madzi analowa mmenemo tikuona. Pofika madzulo pa kasupe panali matope, achule akudumpha kufuna kolowera.

Mzungu analowa m'ngalandemo ndi kanyundo kake, n'kugogoda apa ndi apo, n'kutuluka m'manja muli mbee. Yankho la kompyuta linafika thirakitala itapita kale. Linati pamalopo palibe kanthu.

Ngalandezo anazikwirira, koma dongo losweka silibwerera. Mvula ya chaka chimenecho inagwa yokwanira, madzi n'kumangodutsa. Pofika mwezi wa Juni pamene panali kasupe panali pouma ngati pamsewu. Kampani inandiona monga ananenera mzungu. Zimene anandipatsa sindizitchula pano, chifukwa wina angaganize kuti ndinagulitsa.

Ndinapita kwa amalume ndi zitsulo zawo zomwe pa ngolo yobwereka. Iwo ndiwo anali mwini mbumba, woyang'anira ife ana a alongo awo ndi minda yathu. Anaitana achibale, tinakhala pansi pa mtengo wa mango masana. Msuweni wanga sanakane. Anati ankangofuna kundiona ndikuyenda modzitukumula ngati mwini mgodi, kenaka andiuze, anthu aseke. Anati sanadziwe kuti azungu ndi opupuluma chotero. Ndinamufunsa chifukwa chimene sananenere tsiku limene pepala linakhomedwa pa thabwa. Anati ankaopa kuchotsedwa ntchito. Amalume anamvetsera akufwenkha fodya. Anati dimbalo likuwawawa iwonso, pakuti anakuliramo. Kenaka anayang'ana pansi.

"Koma mphwanga, awa ndi asuweni ako," anatero. "Ndi chisuweni chimenechi. Chinangopitirira. Ukufuna ndiweruze masewera?"

Achibale anavomereza, ena mokweza, ena ndi mutu. Mayi wina wachikulire anati ndisachititse manyazi banja. Ndinayang'ana amalume, munthu amene anaikidwa kuti aziteteza munda wa mlongo wawo, n'kuona kuti asankha mwana wawo. Ndinaimirira, ndinawomba m'manja mwaulemu, n'kunena kuti ndamva. Ndinapita kwa msuweni wanga n'kumugwira chanza. Ndinaseka, mano onse kunja. Iye anasangalala, anati ankadziwa kuti mwini chithaphwi sasunga mangawa.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasewera naye kuposa kale. Pantchito ndinkamubisira kapu ya tiyi, ndinkamulanda chipewa n'kumuveka changa, iye n'kumayenda nacho mpaka madzulo akudandaula kuti chikununkha mpiru. Anzathu anazolowera. Mkazi wanga anandifunsa ngati ndapenga. Ndinamuuza kuti asamale ana. Mpiru ndinali nditasiya, madzi akumwa mkazi wanga ankakatunga ku mudzi wina, kwa anthu amene kale ankabwera kwa ife ndi zidebe. Ndikamuona akubwera ndi ndowa pamutu, thukuta lili m'khosi, ndinkakumbukira chifukwa chimene ndinkasekera.

Chaka chotsatira kampani inati ikutseka msasa. Kwathu kunalibe chimene ankafuna. Koma anati atenga munthu mmodzi wodziwa kuwerenga kabokosi ndi kulemba, apite naye ku Migodi, akamuphunzitse kutaipa manambala pafupi ndi kompyuta yeniyeniyo, ntchito yokhazikika, nyumba ya magetsi. Ine sindinali m'gulumo chifukwa cha sukulu, ndipo sindikanapita. Aliyense ankadziwa kuti apita ndi msuweni wanga. Iye anayamba kuphunzira kuwerenga kabokosi, ine n'kumamuphunzitsa mokhulupirika. Anagula sutikesi. Mkazi wake anayamba kulankhula ndi anzake ngati mlendo wotsanzika. Amalume ankauza anthu kutchalitchi kuti mwana wawo akukagwira ntchito ndi makina oganiza. Panangotsala kuti mzungu wamkulu abwere kuchokera ku Migodi adzamuyese pamzere.

Ndinali ndi chipewa chakale cha nsalu yokhuthala, cha mlomo waukulu. Ndinadula masipoko a njinga tizidutswa tating'ono. Ndinamasula dayinamo ya nyali ya njinga, n'kuchotsamo magineti, n'kumakwechapo tizidutswato mpaka tinayamba kukoka singano. Ndinatisokerera m'mlomo wa chipewacho kutsogolo, pamene pamaweramira munthu akamayang'ana pagalasi. Ndinasoka ndekha, mkazi wanga ali kumadzi. Ndinachivala masiku angapo ndili kumudzi kuti ulusi ude.

Tsiku la mayeso ndinapempha kukhala ndi odula mizere, amene ankanyamula nkhwangwa ndipo sankapimidwa m'mawa chifukwa ankayenda patsogolo, kutali ndi kabokosi. Msuweni wanga anapimidwa pamaso pa mzungu wamkuluyo, munthu wonenepa wa kaliwo kukamwa, n'kupezeka woyera. Anali atavala malaya otsukidwa, buluku womanga ndi luzi latsopano. Atafika pa chiyambi cha mzere anatipeza tikupuma. Ndinaika nkhwangwa pansi, n'kupita kwa iye, n'kumulanda chipewa, n'kumuveka changa.

"Mukatsanzike nacho ichi, asuweni," ndinatero. "Ku Migodi mukakumbukire fungo la kwanu."

Anthu anaseka. Iye anaseka, n'kuchikokera pamphumi chifukwa dzuwa linali litakwera. Mzungu wathu wamtali uja anauza mkulu wakeyo kuti awa amatero masiku onse.

Mayeso ake anali osavuta. Mzungu wamkulu ankawerenga pa chikhomo, n'kulemba mobisa, n'kupereka kabokosi kwa woyesedwa, manambala afanane. Msuweni wanga anaima pa chikhomo choyamba n'kuwerama. Muvi unasuntha. Anadzuka, muvi unabwerera. Anaweramanso, unasunthanso, mwina kumanja mwina kumanzere, malinga ndi mmene wapendekera mutu. Anatchula nambala. Mzungu wamkulu anayang'ana papepala lake n'kutulutsa kaliwo kukamwa. Pa chikhomo chachiwiri anatchula nambala, n'kuisintha, n'kuisinthanso. Mzungu wamkuluyo analanda kabokosi, n'kuwerenga yekha, muvi uli phee. Anamubwezera. Unayambanso kuvina.

Msuweni wanga anayamba kudzisanthula. Anatembenuza matumba. Anavula nsapato za raba n'kuziponya patali. Anavula malaya, ati mwina mabatani. Anaima pachikhomo chifuwa chili pamtunda, thukuta likutsika, chipewa chili pamutu. Pa zonse zimene anavala, chipewa chokha ndicho sanachiganizire, pakuti chinali cha msuweni wake, ndipo anali atachivalapo kambirimbiri. Ife odula tinali titabwerera kudzaonerera, taima kutali monga lamulo linkanenera.

"Vulani ndi buluku yemwe, asuweni," ndinamuuza mokweza. "Mwina chitsulo chili mmenemo."

Anthu anagwa pansi ndi kuseka. Mzungu wamkulu sanaseke. Anafunsa mnzake ngati ameneyu ndiye ankalemba manambala a malo aja anakumba pachabe. Mzungu wathu anafiira, n'kuvomera. Mkuluyo anati tsopano wamvetsa, munthu wamanjenje chotere sangayandikire kompyuta. Anaitana wina, wa ku Mtenguleni, wosalankhulalankhula, amene anawerenga zikhomo zonse bwinobwino. Ameneyo ndiye anapita ku Migodi.

Madzulo ake ndinatenga chipewa changa n'kumubwezera chake. Ndinadikira Lamulungu, titatuluka m'tchalitchi, achibale atasonkhana kwa amalume kudzapepesa. Msuweni wanga anali atakhala pakhonde, sutikesi yake ikuonekera m'nyumba. Ankati wina anamulodza. Amake ankatchula mayina a anthu ansanje. Ndinapempha mpeni kwa amalume. Ndinavula chipewa, n'kutumbula mlomo wake, n'kukutumulira tizitsulo tija pamphasa. Ndinatenga singano ya mkazi wa msuweni wanga n'kuiyandikiza, inalumphira pomwepo. Ndinafotokoza zonse, mwadongosolo, ndikuseka, monga munthu amafotokozera nthabwala imene yamuyendera bwino.

Palibe anaseka nane. Msuweni wanga anadzuka, achibale awiri anamugwira. Ankafuula kuti ndamuphera moyo wake ndi wa ana ake, kuti apita nane ku khoti. Ine ndinatembenukira kwa amalume, n'kugwada monga mphwawo.

"Amalume, ine ndimangofuna kumuona akuvula malaya, anthu aseke," ndinatero. "Sindinadziwe kuti azungu ndi opupuluma chotero. Kodi si chisuweni chimenechi?"

Achibale onse amene anavomereza pansi pa mango anali pomwepo, ndipo aliyense ankakumbukira chimene ananena. Amalume anaika fodya wawo pansi.

"Ndi chisuweni," anatero, mawu ali pansi.

Ndinawomba m'manja, ndinatola chipewa changa, n'kupita kwathu. Mkazi wanga ankayenda pambuyo panga. Titafika panjira ya ku dimba anati ndikanamuuza, akanandisokera bwino kuposa mmene ndinasokera ine.

Nkhaniyi inafika kwa ansembe. Anandiitana n'kundiuza kuti ndikalape. Ndinawayankha kuti machimo anga ndimalapa mwezi uliwonse, koma masewera sindinalapepo, ndipo amene anaweruza kuti ndi masewera si ine. Anandiletsa kulandira mgonero kwa kanthawi. Ndinkapitabe, n'kumakhala pa benchi yanga.

Msuweni wanga sanapezenso ntchito ya kampani. Anasamukira m'tauni, zaka zake zomaliza ankakhala ku komboni ya Nabvutika, akumata matayala a njinga pansi pa mtengo. Ndikamadutsa ndinkamupatsa moni wa chisuweni, iye ankayang'ana kumbali. Njinga yanga ikaphulika ndinkaikankha kupita kwa wina. Pa maliro ake ndinapita, ndinakhala mpaka kumanda. Ana ake amati ndine munthu woipa. Anene. Iwo sanamwepo madzi a kasupe uja.

Ndinayesa kukumba chitsime pamalopo m'chilimwe china. Ndinatsika mpaka mutu wanga kubisika, n'kupitirira, ndinangopeza mchenga wouma. Lero pamenepo ndimadzala mtedza wa mvula, monga munda wina uliwonse. Adzukulu anga amadabwa kuti bwanji timapatchabe dimba.

Amene amafuna kuti ndimve chisoni amawerenga za iye: ntchito imodzi imene anali asanayambe, ndi sutikesi. Ine ndimawerenga zanga. Mapando a nthochi makumi anayi ndi awiri. Malalanje khumi ndi limodzi, odzala amayi ndi manja awo. Nzimbe mizere isanu ndi itatu. Mpiru ndi matimati a chilimwe chilichonse kuyambira pamenepo mpaka lero. Msana wa mkazi wanga, umene unapindika ndi ndowa. Amalume amodzi, amene sanadyenso m'nyumba mwanga kufikira imfa yawo. Kasupe mmodzi.